Amene Ankatchula Mng'ono Wanga

Foni ya mng'ono wanga inali ndi kaliridwe kakekake. Sinkasokosa ngati mafoni a anyamata a kabaza a pa Lisungwi, amene akalira umachita kutembenuka kuyesa kwafika ukwati. Iyo inkangoti tho, kamodzi, ngati dontho la madzi lagwera m'ndowa, basi n'kukhala chete. Mwini wake atamwalira foniyo inabwera kwa ine, ndipo sinasiye kulira.

M'mimba mwa amayi tinatulukamo awiri okha, tonse akazi. Ine wamkulu ndinatsikira ku Lisungwi nditakwatiwa, n'kutsegula kagolosale ka sopo, mchere ndi mafuta ophikira, ndipo mpaka lero ndili pomwepo. Wamng'onoyo sukulu inamukonda. Anachoka kumudzi kwathu, kumtunda kwa Matandani, akadali kamtsikana kotuwa miyendo, n'kupita kusekondale, kuyunivesite, kenako kunja kwa dziko, ndipo pobwerako anakalowa ntchito mu labotale ku Blantyre. Banja sanalowemo. Akamufunsa ankangoseka, amvekere nthawi ilipo.

Ankabwera kumudzi m'nyengo yozizira, manachesi akapsa. Inenso ndinkatseka golosale masiku angapo n'kukwera kumtunda kuti tikaonane. Tsiku lina tili pakhonde ndinamupanikiza kuti andiuze chimene amachita kwenikweni, chifukwa anthu ankandifunsa ngati ali dokotala wobaya jakisoni, ine n'kumangoti eya, chonsecho sindikudziwa. Anati iye sabaya munthu. Ntchito yake inali yofufuza za chitetezo cha m'thupi. Anati m'magazi mwathu muli asilikali, ndipo ena mwa asilikaliwo ntchito yawo yaikulu si kumenya nkhondo ayi, ndi kukumbukira. Matenda akabwera kamodzi, iwo amasunga nkhope yake, kuti akadzabweranso patapita zaka thupi lisachite kufunsa kuti kodi mlendoyu ndani. Iye ankafuna kudziwa kuti kukumbukirako kumakhala pati m'kati mwa kaselo kosaoneka ndi maso, nanga n'chifukwa chiyani mwa ana ena kumazilala msanga. Ankalankhula akusenda manachesi, osawayang'ana n'komwe, makoko akugwera pa chitenje.

Zimenezo ndinazimva. Chimene chinkandidabwitsa ndi khalidwe lake la m'mawa. Kwathu netiweki imapezeka malo amodzi okha, pansi pa mtengo wa manachesi umene bambo anabzala kumtunda kwa munda asanatisiye. Mng'ono wanga ankalawirira kumeneko nkhungu isanachoke, atafunda bulangete, dzanja lili m'mwamba ndi foni. Ndinkamuseka kuti anzake amadikira uthenga wa chibwenzi, nanga iye akudikira chiyani m'mame monsemo? Ndiye anandifotokozera. Anati akamaliza kafukufuku amalemba pepala, n'kulitumiza kuti lisindikizidwe kumene anzake a ntchito yomweyo padziko lonse angaliwerenge. Koma kulemba kokha sikokwanira.

"Achemwali, wina akamalemba zake ayenera kunena kuti apa ndaponda pa ntchito ya uje. Akanditchula choncho, foni iyi imandiuza. Kwathu kuntchito munthu amamuyeza ndi zimenezo, kuti ndi angati amutchula."

Anati akuluakulu akafuna kukweza munthu pa ntchito, kapena kumupatsa thandizo loti apitirize kafukufuku, amayamba ayang'ana nambala imeneyo. Yake inali yochepa. Ananena akuseka, koma ine mwana ameneyu ndinamubereka kumbuyo, kuseka kwake kwabodza ndinkakudziwa. Ndinamuuza kuti ngati nkhani ndi kutchulidwa, abwere ku Lisungwi adzakhale sabata imodzi atavala thalauzi lake lija, amayi a pamsika amutchula mpaka atopa nazo.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Chaka china anabwera ataonda, n'kumati ndi ntchito. Pamene tinkamva zoona zake n'kuti atamugoneka kale m'chipatala, ndipo sanachedwemo. Tinamuika kumudzi. Anzake a kuntchito anabwera pa magalimoto, atavutika ndi msewu wathu uja, ndipo mmodzi anaimirira n'kumuyamikira kwambiri. Koma kumbuyo kwanga, pa mphasa ya azimayi, ndinkamva manong'onong'o akuti sukulu yonse ija, osasiya ngakhale kamwana kamodzi. Pakanapanda kuti ndinali namfedwa, ndikanatembenuka. Pakamwa panga anthu amapadziwa.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasowa pamudzi. Ndi mmene timachitira kwathu: munthu akapita, sumangomutchula ngati ukufuna kumutuma madzi. Tonse tinayamba kunena kuti malemu. Amayi ngakhale mawu oti malemuwo ankawalemera, ankangoti uja, n'kuyang'ana kumbali.

Pogawa katundu, mabuku anatenga anzake a kuntchito, zovala tinagawana pachibale, foni anapatsa ine. Nambala yotsegulira ndinkaidziwa, poti ndine ndinkamujambula akabwera. Ndinaiika pa shelefu ya m'golosale, pakati pa machesi ndi makandulo, ndipo ndinkaitchaja ndi kuigulira bandulo popanda chifukwa chenicheni, kungoti kuizimitsa kunkandikanika. Masana ena ndikuthira mafuta m'kabotolo, ndinangomva tho. Mafuta anatayikira pa kauntala. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndili naye, amene sukulu anafika nayo Folomu 4, anaiyang'ana n'kunena kuti palibe choopsa, ndi uthenga wa makina chabe: munthu wina kunja watchula ntchito ya amayi aang'ono.

Zinayamba mwa apo ndi apo, kenako zinachuluka. Zimene ankadikira m'mame zija zinabwera mwini wake atapita. Mnzake wina wa kuntchito atayimba foni kutizonda, ndinamufunsa kuti bwanji pano? Anati zimachitika, ntchito ina anthu amaiona mochedwa, ndipo wina wodziwika akangoitchula ena onse amatsatira. Zinandipsetsa mtima, ndisaname. Ndinkachita kuifunsa foniyo kuti kodi munali kuti nthawi yonse ija, anthu inu?

Koma mtima umazolowera. Ku Lisungwi masana kumatentha moti ngakhale mbuzi zimasiya kuyendayenda. Makasitomala kulibe, msewu uli zii, malata akungothetheka padenga. Nthawi imeneyo foni ikati tho, ndinkatsamira thumba la shuga n'kutseka maso, ndiye ndinkawaona. Ndinkaona mayi wina kudziko lozizira, atavala chijasi choyera, panja kuli mbuu ndi chisanu, akutchula dzina la mng'ono wanga pang'onopang'ono, lilime likumukanika. Ndinkaona holo yaikulu, anthu ali phee, bambo wa imvi ataimirira kutsogolo akulitchula, ena n'kumalilemba. Dzina limene ine ndinkalikuwa kudambo kuti abwere adzatsuke mbale, tsopano linkakwera ndege, kuwoloka nyanja, kukagona m'mizinda imene sindidzaiona. Ndinkamuuza chamumtima kuti wamva, iwe? Wina wakutchulanso. Nthawi zina ndinkadzidzimuka kasitomala ataima kalekale pakhomo, akugogoda kauntala ndi kiyi wa njinga.

Pamsika nkhani inafika, monga ndinamulonjezera mwini wake. Ogulitsa tomato ankandifunsa podutsa kuti foni ya malemu yalira kale lero? Ine ndinkawayankha kuti yalira, ndipo amene amati sanasiye mwana akauzidwe kuti ana ake ali m'mayiko. Mapepala enieniwo sindinkawatsegula. Chingerezi chake n'cholemera, ndipo kwa ine zinali zokwanira kuona kuti nambala ija ikukwera.

Vuto linayamba nditapita nayo kumudzi. Ndinakwera nayo dala kumtengo kuja, amayi ali pafupi akupalira, kuti amve okha kuti mwana wawo sanangozimiririka. Italira ndinawafotokozera zonse, nkhope yanga ili mwee. Amayi anaimika khasu. Ndinati ndi ulemu umenewu, amayi, ulemu waukulu. Iwo anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Munthu anagona. Nanga agona bwanji anthu a dziko lonse akungomutchula usana ndi usiku?"

Anati tsopano amvetsa chifukwa chake amamulota ataima pansi pa mtengo womwewu, m'nkhungu, dzanja lili m'mwamba, osatembenuka. Anandiuza kuti foniyo ndikaiponye mumtsinje wa Lisungwi. Ine ndi amayi mtima wathu ndi umodzi, wapachala. Ndinawayankha kuti mayi wopemphera ngati iwo, wosaphonya kwaya, sayenera kuopa kachitsulo kotchaja ndi sola. Iwo anati kupemphera sikuletsa munthu kudziwa mwambo. Tinasiyana osatsanzikana bwino, ndipo kuyambira pamenepo ndikamakwera kumudzi foni ndinkaisiya pa shelefu.

Kenako mwana wanga uja anabereka mwana wamkazi. Anali wachiwiri. Woyamba, wamwamuna, anamutcha dzina ndi akuchimuna, monga mwa mwambo. Wachiwiri dzina limachokera kuchikazi, ndipo ngati mayi wamkulu wa pabanja ali moyo, wotcha ndi iyeyo. Mwanayu anabadwa pa opaleshoni yovuta, ndipo madokotala analangiza kuti mayi ake alekere pomwepa. Ndiye taonani: mng'ono wanga sanasiye mwana, ine ndili ndi mmodzi, ndipo kwa mmodziyo khanda ili ndi lomaliza. Dzina lija likaphonya khanda ili, pamtundu pathu latha basi.

Ndinatumiza mawu kwa amayi tikadali m'chipatala, kuwapempha kuti khandalo alitche dzina la mng'ono wanga. Yankho linabwera ndi wa njinga yamoto, ndipo linali ayi. Anati dzina limenelo silinapume, lili pa ulendo, likungoyendayenda m'kamwa mwa alendo. Kodi ndikufuna mwana azidzidzimuka kutulo nthawi iliyonse akalitchula kutsidya kwa nyanja? Anali atasankha kale lina, labwino ndithu, la m'nyimbo za kutchalitchi, ndipo nkhuku yotchera dzina anali atailoza kale.

Atatuluka m'chipatala tinakwera tonse kumudzi, pa galimoto ya mnansi, pang'onopang'ono chifukwa cha bala, kukadikira kuti mchombo ugwe, poti dzina limatchedwa pamenepo. Inali nyengo ija ya manachesi. Ulendo uno foni ndinaitenga, ndipo sindinaibise. Ndinaiika pawindo poonekera, amayi n'kumaidutsa osaiyang'ana. Masiku amenewo tinkangolankhulana za madzi otentha ndi matewera basi. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawakonza m'njira, ena akuthwa ndithu, koma ndikaona msana wawo ataweramira khanda, mawuwo ankabwerera m'mimba. Ndinkangokhala pambali n'kumayang'ana kamwanako kakugona, zala zili chifumbatire, kopanda dzina, ndipo ndinkaganiza za asilikali aja a m'magazi, kuti mwa kameneka sanayambe n'komwe kukumbukira kalikonse.

Mchombo unagwa. M'mawa mwake, anthu asanasonkhane, ndinakwera kumtengo ndi foni. Sikuti ndinali ndi nzeru ina ayi, ndinkangofuna kukaima pamene iye ankaima. Nkhungu inali itadzaza chigwa chonse, mapiri akungoonekera nsonga, masamba akudontha mame. Ndinakweza dzanja. Tho. Nditatembenuka ndinapeza amayi ali kumbuyo kwanga ndi lichero, atabwera kudzatola zipatso zakugwa. Ndinakonzeka kukangana. Koma iwo anayang'ana foniyo nthawi yaitali, kenako anati popeza anthuwo sakumusiya, akufuna amve chimene akumunena.

Ndinadina pa uthengawo, pepala linatseguka, ndipo tinatsika nalo kunyumba kuti mwana wanga akatiwerengere. Iye anakhala pakhonde atatsamira khoma, khanda lili pamiyendo, amayi ali pa mpando umene unali wa bambo. Anafufuza nthawi yaitali, chala chikutsetsereka pa galasi. Anati pepalalo alemba anthu a kudziko lina amene akufufuza magazi a ana a kwawoko, ndipo akuti njira imene atsatira ndi ija anagwiritsa ntchito amayi aang'ono. Amayi anagwedeza mutu. Zimenezo zinawakomera, ndinaona. Kenako anati awaonetse pamene pali dzinapo. Mwana wanga analoza kanambala kakang'ono ngati nyerere, kali pamwamba pa mawu. Anati m'kati mwa nkhani amangoika kanambalako, dzina limakhala kumapeto, pamodzi ndi a anthu ena onse amene atchulidwa. Anatsetsereka mpaka kumapetoko n'kuwerenga mokweza. Linali dzina la bambo athu.

"Amenewo ndi bambo ake," anatero amayi. "Ine ndati lake."

"Lake angoika chilembo choyamba chokha, agogo."

Amayi anafunsa ngati ndi anthu okhawa aulesi chotere. Ndinalanda foni n'kuthamangira kumtengo, n'kutsegula mapepala ena, akale ndi atsopano omwe, n'kutsika nawo. Onse anali chimodzimodzi: dzina la bambo, chilembo chimodzi, chaka. Mwana wanga anati ndi mmene amalembera anthu a ntchito imeneyi, sikuti ndi chipongwe, aliyense amamutchula choncho.

Ndinakhala pansi. Ndinamva chisoni, komanso ndinamva ngati andibera. Mayi wa chijasi choyera uja, bambo wa imvi uja, holo yonse ija, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchulapo dzina limene ine ndinkalimva masana onse aja kugolosale. Mwina ngakhale zoti anali mkazi ena sankazidziwa. Ntchito yake ankaidziwa, ankailemekeza, ankapondapo ndithu monga mwini wake ananenera, ndipo iye akanakhalapo akanasangalala nazo, mwinanso akanamukweza. Koma dzina lija silinakwerepo ndege.

Amayi anatenga chipatso chimodzi m'lichero n'kuyamba kusenda pang'onopang'ono, makoko akugwera pa chitenje. Sanadye. Mng'ono wanga nayenso anali wachiwiri, ndipo pamene ankabadwa n'kuti agogo athu atamwalira kale, choncho amayi anamutcha dzina okha, akadali mtsikana, popanda wowasankhira.

"Ndiye kunjako akutchula bambo ake," anatero. "Kuno tikuti malemu. Nanga limene ndinamupatsa ine lili ndi ndani?"

Kumunsi kunkamveka anthu akubwera, azakhali ndi anansi, ndipo wina anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku ija kuseri kwa nkhokwe. Amayi anapukuta manja pa chitenje n'kuwatambasula. Mwana wanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, kenako anawapatsa khandalo. Analiyang'ana kumaso, n'kulikonza kachipewa. Koyamba mawu anatuluka osamveka, poti dzinalo linali lisanadutse pakhosi pawo chiikireni maliro. Anatsokomola. Kachiwiri analitchula lonse, mokweza, molikoka kumapeto monga ankachitira akamamuitana kuchokera kumunda, moti azakhali amene anali atafika pampanda anaima chilili, ndipo ine ndinapezeka ndatembenukira kumtengo kuja. Nkhungu inali itachoka, ndipo pansi pa mtengo panalibe munthu.

Za kuponya foni mumtsinje sanazinenenso. Madzulo ake tikusonkhanitsa mbale anangoti ndiisunge, bambo athu ankakonda kutchulidwa pagulu, asiyeni amve kukoma.

Pano mwana uja akuyenda, ndipo masana amakhala nane kugolosale, akugwetsa machesi pa shelefu. Kukatentha amagona pa katoni kuseri kwa kauntala. Foni ikati tho, iye sadzidzimuka. Ndimadikira adzuke yekha, ndiye ndimamuitana, dzina lonse, ngakhale ndilibe chomutuma.